Ulendo wa kwa Simlemba pa Pikapu Yogwada

Ndinanyamuka kwathu kwa Chulu Loweruka m'mamawa, nditavala suti yanga ya pa mgonero, tambala ali kukhwapa. Pambuyo panga pankabwera mlongo wanga Felesiya atasenza dengu la malichero, zipande, miphika iwiri ndi chitenje chatsopano. Tinkapita kwa Simlemba kukamanga chinkhoswe cha Levisoni, mwana wa malemu mchemwali wathu wamkulu. Ine ndinali nkhoswe yaikulu, Felesiya yaing'ono, ngakhale pa sikelo zikanakhala zosemphana.

Mtsikana wake dzina lake Modesta. Analeredwa ndi amalume ake, a Muhiwa, tenanti wochokera ku Phalombe amene analima fodya wa bale zaka zambiri pa esiteti ina kumeneko. Levisoni anamuona koyamba akukatenga mabelo pa esitetiyo ndi pikapu yake, ndipo kuyambira pamenepo mabelo a kwa Simlemba anayamba kumukomera kuposa a kwina kulikonse. Vuto linali lakuti ife akuchimuna tinali titawaphonya a Muhiwa kawiri. Koyamba kunagwa maliro m'mudzi, kachiwiri fodya wathu anaitanidwa ku okushoni tsiku lomwe tinapangana. Ndiye uthenga wachitatu unabwera wosazungulira. A Muhiwa anali atalandira zawo ndipo ankabwerera ku Phalombe, osadzabweranso. Lole ya matenanti inkanyamuka Loweruka masana. Tikafika isananyamuke, tikambirana. Tikapanda kufika, ndiye kuti tinkangoseweretsa mwana wawo, apita naye ndipo tisadzawalondole.

Mwina mukufunsa chifukwa chake anthu okhala ndi galimoto m'banja tinanyamuka wapansi. Levisoni anali atagona ku boma. Anati pikapu ili ku galaja akuikongoletsa kuti akakafika kwa apongozi, anthu akadziwe kuti kwabwera munthu. Choncho tinakwera njinga zamoto pamsika. Anyamatawo anatitchaja masauzande asanu aliyense, tambala ulere. Amene ananyamula Felesiya anafuna kuwonjezera mtengo chifukwa cha dengu, koma mlongo wanga atamuyang'ana kamodzi kokha, mnyamatayo anangoliza njinga.

Inali nyengo yoti fodya wagulitsidwa. Zigafa zinali mbee, minda itatsala ndi mapesi okhaokha, ndipo m'madambo anthu anali atayamba kale kugalauza malo a nazale. Fumbi linatipaka bwinobwino, moti pofika ku boma suti yanga yakuda inali itasanduka yofiirira. Sindinadandaule. Mtima unali dyokodyoko, chifukwa ntchito ya unkhoswe ine ndimaikonda kwambiri. Umadya bwino, umayankhula anthu ali chete, ndipo ukalakwitsa amati ndi mwambo.

Ku galaja tinamupeza Levisoni ataima pachipata, kumwetulira mpaka m'makutu.

"Amalume, tsinzinani," anatero.

"Ndine wamkulu ine, sinditsinzina pa msewu."

"Chabwino, bwerani muone."

Pikapuyo ndinkaidziwa ngati ng'ombe ya m'khola mwanga. Inali yoyera, yaitali miyendo, moti mbuzi zinkabisala dzuwa kunsi kwake zili chiimire. Koma imene ndinaiona tsikulo inali itagwada. Matayala anali atalowa m'kati mwa thupi, mphuno ili pafupi kununkhiza dothi, ndipo kunsi kwake ngakhale nkhuku ikanalowa chowerama. Anali ataitsuka mpaka kuwala. Ndinaizungulira kamodzi, ndinaizunguliranso, ndipo ndikuuzeni zoona, inandisangalatsa. Inkaoneka ngati ikuthamanga pomwe yaima.

Felesiya anatula dengu. "Yaphwa matayala onse anayi?"

"Ayi mayi, ndaitsitsa."

"Waitsitsa. Inalakwa chiyani?"

Levisoni anafotokoza mwachangu ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anaona pa foni anyamata a ku Joni akuyenda pa mapikapu otere. Anaitanitsa masipuling'i aafupi kudzera mwa mnzake woyendetsa basi, akutsogolo opota aja ndi akumbuyo a zitsulo zosanjikiza. Akale anali atawachotsa, ndipo anali pakhoma la galaja atatsamira ngati alendo osalandiridwa.

Makaniko, bambo wa imvi ndithu, anabwera akupukuta manja pa kansanza. Anati chiyambire ntchitoyi, alimi a fodya amabwera kwa iye kudzawonjezera zitsulo kumbuyo kuti galimoto ikwere, inyamule mabelo ambiri. Wofuna kuti itsike anali asanamuonepo, moti anamufunsa Levisoni katatu ngati wamva bwino.

"Pa tala iyenda bwino kwambiri," anatero. "Mukachoka pa tala, zimenezo ndi za inu ndi Mulungu wanu."

Mawuwo ndinawamva, koma nthawi yomweyo Levisoni ananditsegulira chitseko. Muyenera kudziwa kuti mawondo anga ndi akale. Kukwera pikapu imeneyi kale inali nkhondo: dzanja lina pa chitseko, lina pa mpando, wina akukankha kumbuyo. Tsikulo ndinangotembenuka n'kukhala, ngati ndikukhala pa mpando wa ndalema kunyumba. Ndinatuluka n'kulowanso kuti nditsimikize. Kenako ndinaseka mpaka tambala anadzidzimuka.

"Mwana wa mlongo wanga," ndinatero, "sukulu sunapite nayo patali, koma mutu uli nawo."

"Achimwene, musamulimbikitse," anatero Felesiya, akudzipanikiza pakati pathu.

Tisanatuluke m'tauni tinaima pa chiwaya kuti tiike kanthu m'mimba. Tinagula tchipisi cha kabichi ndi tsabola wambiri, ndipo tisanamalize kudya galimoto inali itazunguliridwa. Anyamata ogulitsa malaya ankaijambula pa mafoni. Wina anagona chafufumimba kusuzumira kunsi, n'kudzuka akupukusa mutu mwaulemu. Mnyamata wa chiwaya anatiwonjezera tchipisi osalipira, akuti galimoto yathu yamuitanira makasitomala. Ine ndinatulutsa chigongono pawindo, ndipo podutsa pa depoti ndinaimika dzanja kwa anthu amene sindinawaonepo chibadwire. Ena anabweza moni, poganiza kuti mwina ndine phungu.

Pa msewu waukulu wopita kumpoto, makaniko uja ananena zoona. Pikapu imene kale inkadumphadumpha ikakhala yopanda katundu tsopano inkangoyenda myaa, itakakamira tala. Pokhota sinkapendama. Levisoni anatsegula nyimbo za kwaya, ine ndikuthira besi, tambala naye akuponyamo mawu ake apo ndi apo. Ngakhale Felesiya ndinamugwira akugwedeza phazi, koma nditamuyang'ana anati akuthamangitsa nyerere.

Chimwemwe chathu chinakumana ndi hampu yoyamba pa kamsika kena. Levisoni anachepetsa liwiro, n'kuipita chammbali ngati nkhanu, tayala limodzi limodzi. Kunsi kunamveka khwee. Tonse tinakweza matako pa mpando, ngati zimenezo zingathandize.

"Palibe kanthu," anatero Levisoni. "Kungoti talemera pang'ono."

Sanatchule dzina la munthu, koma Felesiya anamva. Pa hampu yachiwiri anatsika yekha osauzidwa, nane ndinatsika pomuperekeza. Tinawoloka hampuyo wapansi, ine ndi tambala wanga, iye ndi chikwama chake, galimoto ikutitsatira pambuyo. Minibasi imene inali kumbuyo inaliza hutala, kondakitala n'kutulutsa mutu.

"Madala, galimotoyo mukuiphunzitsa kuyenda?"

"Ikupita kwa apongozi," ndinamuyankha. "Ikuyeserera ulemu."

Minibasi yonse inafa nacho chikhakhali, nane ndinakwera ndikuseka. Tinachita zimenezi pa kamsika kalikonse. Titawoloka mlatho wa Dwangwa tinapeza apolisi apamsewu, ndipo mmodzi anaizungulira galimoto manja ali kumbuyo. Mapepala onse anali bwino. Anangofunsa ngati tanyamula simenti yosaoneka, kenako anatiuza kuti tipite, akupukuta misozi ya kuseka.

Tinafika pa Chatoloma dzuwa litakwera ndithu. Apa ndi pamene tinayenera kusiya tala n'kulowera kum'mawa. Ndinagula thobwa la m'botolo kwa mayi wina wokhala pansi pa mtengo, ndipo iye anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana ine.

"Mukuluta nkhu, adada?" anafunsa m'chiyankhulo cha kumeneko, kufuna kudziwa kumene tinkapita.

"Kwa Simlemba, ku esiteti."

"Pa iyi?" Anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Msewu umenewo audya malole a fodya ndi ngolo. Pakati patsala msana. Bwenzi mutaisiya pano ndikuyang'anireni, inu mukwere njinga."

Levisoni anati msewuwo amaudziwa ngati chikhatho chake, wadutsamo ndi mabelo chaka chonse. Zinali zoona. Chimene tonse awiri sitinachiganize n'chakuti amene ankaudziwa msewuwo anali masipuling'i aja tinawasiya pakhoma.

Poyamba zinkayenda. Levisoni anaika matayala a mbali imodzi pamwamba pa msana wa msewu, ena m'mphepete, galimoto n'kumayenda chopendekeka, Felesiya atanditsamira ine thupi lonse. Tinkasekabe. Munthu wa njinga yakapalasa atanyamula matumba awiri a mtedza anatipitirira n'kutipatsa moni. Kenako inatipitirira ngolo ya ng'ombe, mwini wake n'kutifunsa ngati tikufuna chingwe. Ndinamuuza kuti ife sitikuthamangira kanthu, koma ponena mawuwo ndinayang'ana dzuwa n'kuona kuti nthawi ikutithera.

Kuchokera pamenepo nyimbo zinazimitsidwa. Ine ndi Felesiya tinatsika n'kumayenda patsogolo, kuchotsa miyala ndi kumuuza Levisoni kuti apinde uku kapena uko. Suti inayamba kundiwotcha. Kunsi kwa galimoto kunkalira khwee, gogogo, khwee, ndipo kulira kulikonse Levisoni ankatsinzina ngati amuponda chala. Tinayesa kuimba foni ya Modesta kuti auze amalume ake kuti tili m'njira. Sinkapezeka. Pa esiteti imeneyo mafoni amatchajira ku ofesi, ndipo anthu amene akusamuka sapitanso ku ofesi.

Dzuwa lili pamutu tinafika potsetsereka polowera ku dambo. Pamenepo msewu unadutsa pakati pa makoma awiri a dothi ofika m'chiuno, njira ya galimoto imodzi yokha. Matayala a malole anali atakumba ngalande ziwiri zakuya, pakati n'kusiya msana wouma gwa. Panalibe kopendekera. Levisoni anati akalowa mothamanga adutsa. Ine ndinavomereza, chifukwa pa nthawi imeneyo ndinali ndisanasiye kuikhulupirira galimotoyo.

Inalowa bwino. Pakatikati panamveka chiphokoso chimodzi chachikulu, ndipo inaima. Levisoni anaponda mafuta, matayala akumbuyo n'kumangozungulira m'malere, kutimwaza fumbi. Inali itakhala pamimba, ngati fulu amene mwana wamuika pa mwala.

Tinakankha kutsogolo, osasuntha. Tinakankha chobwerera, osasuntha. Levisoni anatulutsa jeki, ndipo apa ndi pamene tinaona vuto lina: jekiyo sinkalowanso kunsi. Inapangidwira galimoto yaitali ija. Khasu tinalibe. Tinayesa kukumba ndi sipanala ndi chipande chimodzi cha m'dengu, koma dothi la mwezi umenewo ndi mwala. Kumidzi yapafupi kunali zii, anthu onse ali ku msika wa Loweruka.

Levisoni anakhala pansi m'ngalande, malaya ake oyera ali ofiira, mafuta akuda mpaka m'zigongono.

"Amalume," anatero, "ndamutaya Modesta chifukwa cha zitsulo."

Anafuna kuthamanga yekha, koma mnyamata sangakaime pamaso pa eni mbumba popanda ankhoswe. Akanangowonjezera chipongwe pa chipongwe. Ndipo esiteti inali kutsidya kwa dambo, kuseri kwa mitengo ya bulugama imene inkaoneka kutali, mtunda woti mawondo anga akanafika lole itapita kalekale. Ndinachita mantha, ndinenetse. Mwana ameneyu mayi ake anandisiyira m'manja, ndipo ndinali ndisanamuonepo akufuna chinthu ngati mmene ankamufunira mtsikanayo. Ndinanyamula tambala n'kunena kuti tiyeni tiyambepo, kuli bwino akatipeze tikuyenda kusiyana n'kutipeza titakhala.

Ndisanaponye phazi lachitatu tinamva kulira kwa injini kutsidya. Lole inatulukira m'mitengo ija, itasenza matumba a chimanga, matiresi, njinga, malata ndi anthu pamwamba pa zonsezo. Inawoloka dambo pang'onopang'ono, n'kuyamba kukwera chitunda chathu. Felesiya anandigwira mkono.

"Achimwene, kodi msewu wotulukira ku esitetiko ulipo wina?"

"Ndi womwewu," anayankha Levisoni ali pansi pomwepo.

Lole inafika n'kuima mphuno ndi mphuno ndi pikapu yathu. Kumanzere khoma, kumanja khoma. Dalaivala analiza hutala nthawi yaitali, kenako anatsika akutukwana galimoto, mwini wake ndi amene anaipanga. Pamwamba pa matumba ndinaona mtsikana atafunda chitenje kumutu, maso ali otupa. Ataona pikapu anaimirira, mayi wina n'kumukhazika pansi.

A Muhiwa anatsika kutsogolo. Anali munthu wamfupi, wowonda, wa jekete lalikulu kuposa thupi. Ndinavula chipewa n'kuwapatsa moni, ndipo anayankha moni wokhawokha, wopanda chowonjezera.

"Tinakudikirani," anatero. "Mpunga unaphikidwa. Tadya tokha."

"Bambo, talakwa. Koma monga mukuonera, tinali m'njira."

"Ndikuona kuti muli m'njira. Muli m'njira yathu." Anatembenukira anyamata a pa lole. "Tsikani muinyamule, muiike pambali tidutse. Phalombe ndi kutali."

Anyamata asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo analumpha pansi akupinda malaya. Ndinadziwa kuti zathera pomwepo, chifukwa anthu amene akhala akunyamula mabelo chaka chonse pikapu si kanthu kwa iwo. Koma asanaigwire, mlongo wanga Felesiya, yemwe uja anainyoza galimotoyi kuchokera ku boma, anakwera kumbuyo kwake. Sanavutike n'komwe, poti inali yaifupi. Anakhala pakatikati, n'kuyala chitenje chake bwinobwino, n'kuika dengu pamiyendo. Galimoto inalira n'kutsikanso pang'ono.

"Ana anga," anatero mwaulemu, "amene akufuna kunyamula anyamule. Koma ine ndatopa, sinditsika. Ndabwera ndi mawu kwa eni mbumba, ndipo nditsika ndikawatula."

Anyamata aja anayang'ana Felesiya, n'kuyang'anana. Wina anayesa kugwira bampala n'kuisiya. Pamwamba pa lole amayi anayamba kuseka, poyamba mobisa, kenako poyera. Dalaivala anaponya kapu yake pansi. A Muhiwa okha ndi amene sanaseke. Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira pikapu, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi nthawi yaitali. Atadzuka anayang'ana Levisoni, amene anali atagwada m'ngalande mutu uli pansi.

"Galimoto iyi ndimaidziwa. Yanyamula fodya wanga. Yatani?"

Mkamwini sayankha yekha, choncho ndinayankha ine. "Anaitsitsa, bambo. Dala. Analipira ndalama."

"Chifukwa?"

"Ankafuna kuti pofika kwanu aoneke bwino."

A Muhiwa anayang'ananso galimoto ija. Kenako phewa lawo linayamba kugwedezeka m'jekete muja. Anatembenuka kuti tisawaone, koma zinakanika, ndipo anaseka mpaka anagwira khoma la msewu.

"Zaka zonse ndakhala kuno," anatero akupuma, "palibe mwini galimoto amene anavutikapo kuti aoneke bwino pamaso pa tenanti." Anapukuta m'maso n'kutembenukira akazi awo pa lole. "Mayi, tsitsani mphasa. Adalaivala, zimitsani injini, mafuta akudula."

Chinkhoswe cha Levisoni chinachitikira pansi pa mtengo wa mango, pamwamba pa khoma la msewu. Amayi a pa lole anakana kuti mwambo udulidwe chifukwa cha fumbi. Anafunditsa atsikana atatu zitenje n'kuwabweretsa akuimba, kuti ife tiloze wathu. Felesiya, amene tsopano anali atatsika mwaufumu, anayamba dala wavundukula wolakwika, kamtsikana kakang'ono kamene kanathawa kakuseka. Wachiwiri anali Modesta, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Nthungululu zinamveka mpaka ku dambo, ndipo dalaivala yemwe uja anathandizira ndi hutala.

Ndinapereka tambala wathu, amene anali atawoloka mahampu onse a msewu waukulu ali m'manja mwanga. Akuchikazi anakwera pa lole n'kumasula msoti m'chitete cha nkhuku zawo. Felesiya anapereka dengu kwa Modesta, n'kupepesa kuti chipande chimodzi chabenthuka pa ntchito ina. Ndinayankhula mawu anga a unkhoswe, ndipo ndikhulupirira ndinayankhula bwino, ngakhale pakamwa panali fumbi. Tinagwirizana kuti ukwati udzadalitsidwa ku tchalitchi kwathu mvula isanagwe, ndi kuti kufikira tsikulo Modesta akakhala m'nyumba mwa Felesiya, Levisoni osayandikira ngakhale pa mpanda.

Kenako a Muhiwa anatuma mnyamata kuti akatenge kamtolo kamene kanali kuseri kwa mpando wa dalaivala. Munali nkhwangwa ndi khasu latsopano, mpini wake wosemedwa bwino. Makasu onse a pa esiteti anali atabwezedwa kwa eni ake, moti pa lole yonseyo khasu linali lomwelo. Anali ataligula kalekale kudikira ife, ndipo ngakhale anakwiya, sanalisiye.

"Ili ndi la mkamwini," anatero, akulipereka kwa ine kuti ndimupatsire. "Timapereka kuti mwana wathu asadzagone ndi njala. Koma poti munda uli kutali, ayambe walimapo apa."

Levisoni analandira khasulo ndi manja awiri, n'kutsikira m'msewu, n'kugona chammbali kuyamba kugumula msana uja kunsi kwa galimoto yake. Anthu onse anaima pamakoma kumuonerera, amayi akumuimbira nyimbo ya kumunda. Sindinaonepo munthu akulima mokondwa chotero. Dothi litachepa, anyamata aja anaigwira pikapu n'kuikankha chobwerera mpaka pamalo otakasuka. Kunsi kunali kutakalikakalika ndipo paipi ya utsi inkalendewera, koma Levisoni anaimanga ndi waya ndipo injini inalira.

Apa ndi pamene kuseka kunatha. Anatsitsa sutikesi ya Modesta ndi kathumba ka zovala. Akazi a a Muhiwa anamukumbatira osafuna kumusiya. A Muhiwa anandikokera pambali ndi manja awo akuda ndi utomoni wa fodya.

"Mwana uyu ndinamutenga ali wosavala nsapato," anatero. "Wayenda nane pansi esiteti ndi esiteti, madzi kutali, chigayo kutali, chipatala kutali. Ine sindikupempha zambiri. Galimotoyo muikweze. Wayenda pansi mokwanira."

Ine amene ndimadzitama kuti pa unkhoswe sindisowa mawu, ndinangowagwira dzanja. Anakwera lole osacheukanso, ndipo Modesta anaima pamsewu kuiyang'ana mpaka fumbi lake linatha.

Pobwerera panalibe zokambirana. Modesta anakhala kutsogolo, sutikesi pamiyendo, msoti kumapazi. Felesiya anakhala pakati pa iye ndi Levisoni, monga mwa pangano. Kuti galimoto ipepuke, wina anayenera kutsika, ndipo nkhoswe yaikulu ndi imene inatsika. Ndinayenda patsogolo ndi khasu la mkamwini paphewa, kusalaza pamene pakufunika, mpaka ngolo ija inatipitirira m'mawa inandipeza ikubwerera n'kundinyamula. Tinafika pa Chatoloma dzuwa litapendeka, ngolo patsogolo, pikapu pambuyo. Mayi wa thobwa uja atationa anawerenga anthu m'galimoto, n'kuona nkhope yachilendo, n'kuyamba kululutira yekha pansi pa mtengo wake.

Usiku umenewo pikapu inagona ku boma, ife tinapita kwa Chulu pa njinga zamoto. Lolemba makaniko anabwezeretsa masipuling'i akale, ndipo Levisoni anamuuza kuti awonjezerepo chitsulo chimodzi kumbuyo. Aafupi aja ali m'chigafa mwake mpaka lero. Anthu angapo afunsapo mtengo, koma iye amakana kugulitsa, akuti ndi ankhoswe ake achitatu.

Ngati muli ndi pikapu ndipo kwanu ndi kuno kwathu, kumene misewu ili ndi msana, musaitsitse. Zimenezo ndaziona ndi maso anga ndipo ndazimva ndi mawondo anga. Komabe sindingaitukwane galimoto yogwada ija, chifukwa ikanakhala yaitali tikanapatukira lole ija mwaulemu, kapena tikanaphonyana nayo pa mphambano. Tsopano ndi yaitali kuposa kale, ndipo kukwera kwake kwandibwerera nkhondo. Lamulungu lililonse ikaima pakhomo panga kuti tipite ku tchalitchi, ndimagwira chitseko, mawondo n'kumalira. Modesta amakhala atakwera kale kutsogolo, ndipo ndi iye amene amatambasula dzanja n'kundikoka.